Esteri ndi Kalongonda Wosapsa

Dzina langa ndine Hawa. Ndimagulitsa bonya, matemba, tomato ndi mafuta ophikira a m'timachubu pamsika wa Nkando, ndipo ndakhalitsa pabenchi langali moti munthu ndimamudziwa pongoona mmene akugwirira nsomba. Alipo olipira osafunsa n'komwe mtengo. Alipo onunkhiza, kunyoza, kenako n'kukagula nsomba zomwezo kwa mnzanga wa pafupi. Ndiye pali Esteri, amene ankatha kundiimika pa mulu umodzi wa bonya mpaka miyendo kuwawa, koma sindinamukwiyirepo ngakhale kamodzi. Amene ndinawakwiyira ndi ena, ndipo ndiwatchula, chifukwa anamulanda mwana mayiyu masana dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuti akutsata mwambo.

Esteri amakhala m'mudzi wina kuseri kwa msikawu, ulendo wapansi wosatopetsa. Anabadwira momwemo, ndipo munda umene amayi ake anamusiyira ndi uja woti ukaima pakati n'kuyetsemula, malovu amakagwera m'munda wa mnansi. Chimanga chake chimatha mphepo ya Juni isanaiwalike. Nandolo amakolola ndithu, koma mavenda amabwera ndi masikelo awo akuba aja n'kugula pamtengo woti ukaumva umangoseka. Sukulu analekezera panjira, osati chifukwa chouma mutu. Ali kamtsikana, amalume ake anamutenga kupita naye ku Limbe, ati akaphunzire sukulu yabwino, ndipo kumeneko anaphunzira kuchapa matewera a ana a eni, kukolopa, ndi kudya zotsala ataimirira kukhitchini. Anabwerako ali namwali wamkulu, atanyamula kajumbo ka zovala zakutha, dzina lake lomwe akulemba movutikira.

Mwamuna wake, a Hudson, amatchola tiyi ku esiteti ina kufupi ndi phiri. Amagona konko kukomboni, n'kumabwera panjinga yakapalasa malipiro akatuluka, pakatha masabata awiri alionse. Ndi munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Samwa, samenya, ndalama amabweretsa yonse, kungoti yonseyo ndi yochepa. Komanso ndi mkamwini. Kuno mwamuna amabereka, amadyetsa, amaveka, koma ana ndi a kuchikazi, ndipo mawu omaliza pa iwo amakhala a malume wawo. Ana alipo atatu: Thokozani, mtsikana amene chaka chimenecho anali mu Sitandade 8, kenako Moses ndi mzime wawo Emma, amene anali asanayambe sukulu.

Ndalama ya a Hudson ikafika, Esteri ankaigawa pawiri. Theka ankamanga pansonga ya chitenje kuti likhale la sabata imeneyo, theka linalo ankabwera nalo kwa ine kuti ndimusungire mpaka sabata yotsatira. Ankati ndalama ikagona m'nyumba imamva kulira kwa ana n'kutuluka yokha. Ine ndine Msilamu, iye ndi wa mpingo wake, koma njala sifunsa kumene umapemphera, ndipo ndalama yake ndinkaisunga m'kachitini kosiyana ndi ka malonda.

Kagulidwe kake ndiye kanali ntchito payokha. Sankabwera m'mawa pamene tonse timakhala titauma mitima pa mitengo yathu. Ankadikira dzuwa lipendeke, msika uyambe kuphwasuka, wa tomato atayamba kuda nkhawa ndi zobwerera nazo kunyumba. Tomato ankafuna wophwanyika. Bonya ankafuna wa pansi pa thumba, zinyenyeswa zija zosakanikirana ndi mitu, chifukwa ankati ana safuna nsomba, amafuna fungo lake pamasamba. Chimanga ankagula cha m'zigoba n'kukagayitsa mgaiwa osakonola, ndipo kuchigayo komweko ankagulako madeya osakaniza kuti ufa utalike. Kachubu ka mafuta sankakadula ngati anthu ena, ankakaboola ndi singano n'kumadontheza. Machesi sankagula, moto ankapala kwa anansi. Zotsalazo zinali chisoso, bonongwe, kholowa ndi chigwada, zimene mpaka pano zimamera osafunsa mtengo wa fetereza.

Ganyu ikapezeka ankapalira minda ya eni n'kulipidwa makaka, chinangwa chouma chija. Pogawa chakudya ankayamba ndi Emma n'kumalizira iye mwini, ndipo masiku ambiri gawo lake linali zopala m'mphika. Ana akafunsa ankati wadya kale kumunda. Kumunda kwake kuti, mwezi woti chimanga sichinamasule n'komwe? Koma ana aang'ono amakhulupirira amawo, ndipo wamkuluyo ankangoyang'ana pansi.

Chimene chinkamudya kwambiri ndi nkhuni. Inu okhala kutali mumaganiza kuti ku Mulanje mitengo ili mbwee chifukwa mumaona phiri pazithunzi. Kwathu kumunsi kuno mtengo wotsala ndi wa mango, ndipo uli ndi mwini wake. Chilimwe anthu amasonkhera mapesi ndi mitengo ya nandolo, koma mvula ikakhazikika zonsezo zimakhala zitatha, ndipo nkhuni umachita kugula kwa a njinga pamtengo wofanana ndi wa ndiwo.

Tsopano a Kingstone. Awa ndi achimwene ake a Esteri, mwini mbumba. Amakhala ku Bangwe ndipo amagwira ntchito m'sitolo ya zitsulo ku Limbe. Kumudzi satumiza ngakhale paketi ya mchere, koma pamaliro ndi paukwati sajomba, amafika atavala jekete n'kukhala pampando wa kutsogolo. Chibadwire mwana wawo wakhanda, maso awo anali pa Thokozani. Nyimbo yake inali yomwe ija: mtsikanayu abwere kwathu, akapitirize sukulu m'tauni, kuno pakamwa pachepe. Esteri ankaidziwa nyimboyo mpaka kolasi yake. Tsiku lina abale atasonkhana, anawayankha pamaso pa onse.

"Achimwene, ana anga sanagonepo ndi njala, ndipo sanadwalepo chifukwa cha mbale yanga. Tsiku limene mudzamve zimenezo, mudzabwere mudzamutenge. Pakadali pano musiyeni alembe mayeso."

Mawuwo anawalankhula ndi mtima wonse, ndipo a Kingstone anawasunga bwino kuposa china chilichonse cha mlongo wawo. Kuyambira pamenepo, kudontheza mafuta konse kuja ndi kutola zinyenyeswa konse kuja sikunalinso kongoti ana akhute. Kunali kosunga Thokozani pakhomo mpaka alembe mayeso ake.

Mtsikanayo sanali wanzeru zochititsa mantha ayi, koma ankakhoza, ndipo aphunzitsi ankati akalimbikira angathe kusankhidwa kusekondale. Nthawi zina ankabwera ndi amake kudzasenza chimanga, n'kumawerenga mapepala a nyuzi amene ndimakulungira nsomba. Ndikati ndikulunge ankandigwira mkono, ati dikirani pang'ono ndimalize apa. Ndinkamukalipira mongocheza kuti bonya sadikira maphunziro ake, kenako n'kumung'ambira pepalalo kuti apite nalo.

Zinachitika mu Febuluwale, mwezi umene ngakhale agalu amachita ulesi kuuwa. Chimanga chinali chitakwera moti ndalama ya sabata inagula zigoba zosafika kumapeto kwa sabatayo. Esteri anafika pabenchi langa madzulo atasenza mtolo waukulu wa nkhuni zouma bwino, woti ine ndinachita kuusirira.

"Amake Thoko, lero mwalemera eti? Mtolo wonsewu?" ndinamufunsa.

"Kulemera kwake kuti, a Hawa. Bonya lero sindigula, ndalama ya ndiwo ndi imene ndasenzayi. Ufa ukwana masiku oyambirira okha, otsalawo tidzadya kalongonda."

Ndinamumvetsa. Kalongonda anali naye wouma m'kathumba, amene anayanga pampanda chaka chinacho. Nyemba imeneyi ndi yaulere kumunda, koma imalipiritsa pamoto. Umawiritsa, kutaya madzi akuda bii aja, kusenda makoko, kuwiritsanso, kutayanso, osatopa, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kufikira madzi atayera. Ukachita changu kalongonda amazunguza mutu, amasanzitsa, munthu amayamba kubwebweta ngati wapenga. Mwana aliyense wa kuno amakula akudziwa zimenezi, ndipo Esteri ankazidziwa kuposa ine. N'chifukwa chake anasiya ndiwo n'kugula nkhuni. Ndinamuthirira zinyenyeswa pang'ono m'pepala kuti ana asaiwale fungo, iye n'kunyamuka.

Sabata yomweyo m'mudzi mwawo munagwa maliro a mkulu wina, mbale wa patali wa banja la Esteri. Ana a malemuwo ali ku Joni, ndipo anaimba foni kuti bambo athu musawaike, tikubwera. Thupi linasungidwa kuchipatala, anthu anakhala pasiwa kudikira basi ya ku Joni, ndipo anthu okhala pasiwa amadya. Ife Asilamu timaika tsiku lomwelo, ngakhale sindinganame, sadaka yathu nayo imasesa nkhokwe. Koma maliro a mwezi wa njala ndi nkhani ina. Kumabwera anthu oti malemuyo sanamuonepo ali moyo, kulira kwake kwapang'ono, maso ali kumiphika. Oyamba kudya ndi adzukulu okumba manda, kenako akuluakulu, kenako alendo a majekete ngati a Kingstone, amene anatsika minibasi tsiku loyamba lomwelo. Ana sapita kumaliro, ndiye eni ufa wosonkhedwawo amatsala kunyumba akuyasamula.

Mwambo wake ngwakuti khomo lililonse limasonkha. Amene ankayenda ndi dengu kutolera anali amake Bonface, mayi wa pakamwa pakuthwa, amene saiwala munthu yemwe anapereka mbale yosadzaza pamaliro akalekale. Ulendo woyamba Esteri anapereka mbale ya ufa yodzaza, akudziwa kuti wadula chakudya cha ana ake. Ufa unatha msanga kuposa mmene anakonzera, ndiye anatereka kalongonda uja m'mawa wa tsiku loika maliro. Madzi oyamba anali atangoyamba kuda pamene amake Bonface anatulukiranso ndi amayi ena awiri.

"Odi kuno. Nkhuni zatha kusiwa, ndipo lero ndiye tsiku lalikulu, a ku Joni afika. Khomo lililonse mtolo."

Esteri anasolola nkhuni zingapo n'kuwapatsira. Amake Bonface anaziyang'ana, kenako n'kuyang'ana mtolo umene unatsala pakhonde.

"Amake Thoko, tikaphikire maliro kapena tikaotchere mbatata? Anzanu alibe n'komwe, akuchita kuthyola mipanda yawo. Inu muli ndi mtolo wonsewo."

"Ndatereka kalongonda, amayi. Mukudziwa mmene amadyera nkhuni. Ana alibe china."

"Kalongonda adikira, maliro sadikira. Pajatu maliro n'kulirana. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ife tingokumbukira kuti pakhomo pano nkhuni zimavuta kutuluka."

Mawu otsirizawo aliyense wa kumudzi amadziwa kumene akulowera. Ndiye kuti tsiku limene kwanu kudzagwe zovuta, amayi adzapinda manja, miphika idzakhala yozizira, ndipo adzukulu adzakuuzani kuti makasu athyoka. Munthu wosauka alibe inshuwalansi ina koma anansi ake. Esteri anatsitsa mtolo, kusiyako tinkhuni tochepa, n'kuwasenzetsa ndi manja ake. Amake Bonface anathokoza mwaulemu kwambiri.

Ndikamaganiza za m'mawa umenewo mtima umandiwawa, chifukwa mayiyu sanakhale pansi ayi. Tinkhuni tija titanyeka, anatola zitsononkho zonyowa ndi mvula, zongofuka utsi. Anang'amba mphasa yakale n'kusonkhezera. Anathyola mpini wa khasu lakutha. Anazula timitengo ta pampanda wa bafa. Anataya madzi, kusenda, kuterekanso, kutayanso, koma moto unali waulesi, wongonyambita mphika, ndipo pofika masana unazimiratu madzi akadali odera ngati tiyi wopanda mkaka. Thokozani anali kusukulu, kumene amalandirako phala. Moses ndi Emma anali asanalawe kanthu chidyere dzulo lake, ndipo Emma anali atasiya kulira mokweza, akungodandaula chapansipansi atagwira chitenje cha amake.

Esteri analawa yekha kadzanja n'kudikira. Sanamve kanthu. Analawanso, osamvabe kanthu. Pamenepo mpamene analakwitsa, ndipo iye mwini sakana: anayesa ndi thupi la munthu wamkulu chakudya choti chilowe mwa tiana ta m'mimba mopanda kanthu. Anathira mchere, kuwagawira m'mbale, n'kuwauza kuti adye pang'ono. Tamuuzani mwana wanjala kuti adye pang'ono muone. Nthawi yomweyo kunabwera uthenga woti mwambo wayamba, amayi onse akufunika, ndipo iye anathamangira kusiwa kukasonkhezera moto wa nkhuni zake zomwe.

Thokozani pobwera kusukulu anapeza Moses akuzungulira pabwalo, akuseka yekha, akulankhula ndi anthu osaoneka, masanzi ali pamalaya. Emma anali gone pakhonde, maso atatembenuka, manja ali lende. Mwana wa anthu akanatani? Anathamangira kumene kunali amake, ndipo kumene kunali amake kunali mudzi wonse. Analowa pakati pa anthu akufuula, ndipo panalibe khutu limene silinamve kuti ana a Esteri adya kalongonda wosapsa. A Kingstone anazimva ali ndi nthuli ya mbuzi m'manja.

Ine ndinadziwa Thokozani atafika pabenchi langa ali wefuwefu, yunifolomu ili matope okhaokha.

"Amayi akuti muwapatse ndalama ija, ya sabata yamawa. Tikufuna njinga zamoto, ana akufa."

Ndinamupatsa kachitini konse, kusiyira mnzanga benchi, n'kukwera nawo. Kuchipatala ana aja anawalandira msanga n'kuwaika madiripi. Esteri anakhala pansi pa simenti pakati pa mabedi awiri, dzanja lina kwa Moses lina kwa Emma, ndipo chimene ankanena chinali chimodzi. "A Hawa, ndinalawatu ine. Ndinalawa." Ndinamuuza kuti ndikudziwa, koma sankandimva. Pofika mawa lake Moses anali atawazindikira amake, Emma akupempha madzi. Alhamdulillah, ana anachira. Koma ndalama ya sabata yotsatira inali itathera pa njinga zamoto, kupita ndi kubwera.

Ana ali pamadiripi choncho, kumudzi milomo inali pantchito. Amayi omwe aja anadya nyama yophikidwa ndi nkhuni za Esteri ankafunsana kuti kodi mkazi wamkulu, Mlomwe weniweni, angalephere bwanji kuphika kalongonda. Ena ati ulesi. Ena ati ankathamangira nyama ya kumaliro. Amake Bonface ndiwo ankatsogolera, ati chibadwire sanamvepo zotere. Palibe ngakhale mmodzi amene anatchula mtolo uja. Amake Bonfacewo ndinawaona pamsika pano akusankha tomato wanga, ndipo ndinawauza kuti amubweze pansi, ameneyo sapsa popanda nkhuni za eni. Anandinena kuti ndine wamwano, ndipo ndinavomera.

Ana atatuluka m'chipatala, ndinapita kukawaona nditatenga kaufa ndi nthochi. Ndinapeza a Kingstone atakhala pampando pakhonde, sanabwerere ku Bangwe dala. A Hudson anali atapalasa njinga kuchokera ku esiteti, atataya ndi malipiro a tsikulo omwe, ali pamkeka chipewa chili m'manja. Esteri anakhala chapatali ndi ana.

"Achemwali, sindinabwere kudzakangana," anatero a Kingstone. "Mawu munanena nokha, anthu akumva. Ana adwala chifukwa cha mbale yanu, mudzi wonse waona. Kodi tidikire mpaka tikumbe manda? Thokozani ndinyamuka naye."

"Achimwene, nkhuni zanga zinapita kumaliro," anayankha Esteri. "Nyama imene munadya ija inapsa ndi nkhuni za ana anga."

"Aliyense anasonkha. Nanga bwanji ana a ena sanapenge?"

A Hudson anakhosomola. "Alamu, mwanayu mayeso ali pafupi. Mwina akanalemba kaye, kenako tikambirane."

"Alamu, inu munabwera kudzakwatira, ndipo timakulemekezani. Za mbumba tisiyireni eni ake. Kapena mutiuze, sabata ino adya chiyani anawa? Muli nayo?"

A Hudson anayang'ana m'chipewa mwawo. Analibe kanthu, malipiro anali kutali. Ine ndinapsa mtima, ndipo ndinaiwala kuti ndine mlendo. Ndinati ufa wa sabata imeneyo ndipereka ndine, ndipo ngati a Kingstone akufuna wantchito akalembe wa malipiro ngati anzawo a m'tauni, asamadzatole ana a mlongo wawo ngati bowa. Anandiyang'ana kuchokera kumpango mpaka kumapazi.

"Mayi, inu ndinu ndani pabanja pano? Sabata ino mupereka. Yamawa? Inayo? Kagulitseni bonya wanu."

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti funso lawolo linali ndi mano. Benchi langa limadyetsa khomo langa movutikira, ndipo sindikanatha kusenza lachiwiri mpaka nthawi yokolola.

Amene anatseka nkhani ndi Thokozani. Anali atamufungata Emma, ndipo analankhula osadzutsa mutu.

"Amayi, ndipita. Ine ndimadya kwambiri kuposa awa. Ndikachoka ufa uzifika."

Mwana amene Esteri ankamumenyera nkhondo zaka zonsezi anali akuona zonse, zopala m'mphika ndi bodza la kumunda lija, ndipo anapeza yekha yankho limene amake ankalikana. A Kingstone anatulutsa ndalama m'jekete, ati ya ufa wa sabata ino, n'kuiika pamkeka. Inali yoyamba kuchoka m'thumba limenelo kupita kwa mlongo wawo, ndipo tonse tinaona chimene yagula.

Anakwerera minibasi pasiteji ya pa Nkando pompano, moyang'anana ndi benchi langa. Thokozani ananyamula kachikwama, makope ake ali pamwamba. Ndinamva a Kingstone akumuuza kuti yunifolomu akanangoisiya, za sukulu akaziona khanda likayamba kuyenda. Kondakitala anamukankhira mkati pakati pa matumba a chinangwa, chitseko n'kutsekedwa. Esteri sanalire pamsewu. Anaima mpaka minibasi inazimiririka cha ku Limbe, kenako anakonza chitenje n'kubwerera kwawo, Emma ali kumbuyo. Mayeso analembedwa mwezi wake utakwana, Thokozani ali ku Bangwe atabereka mwana wa amalume ake. Amake Bonface akuyendabe ndi dengu lawo, ndipo a Kingstone anthu amawayamika kuti anamutula mlongo wawo katundu.

Koma chimene chimandikanika kuiwala ndi tsiku la msika limene linabwera malipiro otsatira a a Hudson atafika. Esteri anatulukira madzulo, atagula kale chimanga ndi nkhuni. Kwa ine anatenga mchere, mafuta, tomato ndi mulu wa bonya. Atalipira zonse, m'dzanja mwake munatsala ndalama. Sinali yambiri, koma inatsala, chinthu chimene chiyambire kumudziwa sindinachionepo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, anthu akumudutsa uku ndi uku.

"Gulani shuga, amake Thoko," ndinatero. "Ana amweko tiyi."

"Yakwana, a Hawa," anatero chapansipansi. "Zaka zonsezi ndimagwada kupempha Mulungu kuti tsiku lina idzakwane. Mwana uja ananena zoona."

Ndinatapa bonya wina kuti ndimuwonjezere banyira, koma anandigwira dzanja n'kulibwezera kuthumba.

"Musawonjezere. Tachepa."